Tifunseni za Malonda: Amangobwera kudzadya, osadziwana

Funso: Akonzi, gulu lathu la amalonda ang'onoang'ono limachititsa msonkhano wodziwana pa miyezi itatu iliyonse. Pamabwera anthu pafupifupi 40, koma aliyense amakhala ndi mnzake amene wabwera naye, akadya basi ulendo. Tikulakwitsa pati? — Mlembi wa gulu, Limbe

Yankho: Alembi, yambani mwayang'ana ndondomeko yanu. Pemphero, malonje, mawu a wapampando, kudikira mlendo wolemekezeka, kenako iye alankhule: pa maola awiri, ola ndi theka latha anthu ali duu pa mipando yoyang'ana kutsogolo. Zolankhula zonse zisapitirire mphindi 20. Mlendo akachedwa, yambani, alankhula kumapeto.

Polembetsa pa WhatsApp, munthu anene zomwe amagulitsa ndi chomwe akusowa pakadali pano. Woti "ndimapanga mageni osiyanasiyana" mufunseninso. Mukufuna yankho longa "ndikusowa galimoto yonditengera matumba 50 a mpunga ku Karonga mwezi ndi mwezi". Zimenezi mulembe ndi zilembo zikuluzikulu pa kapepala komata pachifuwa.

Ikani matebulo 5, lililonse la anthu 8, ndipo musakanize: wosoka, wa mayendedwe, wosindikiza, wowerengera ndalama. Aliyense alankhule mphindi imodzi, mphindi zina zinayi zikhale za mafunso, belu lilire, asinthe. Katatu ndi kokwanira, mphindi 40 zonse pamodzi. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mukangoti "nonse pitani tebulo lotsatira", gulu lomwelo limasamukira limodzi, n'kumauzana zomwe auzana kale. Lemberanitu manambala atatu a matebulo pa kapepala ka munthu aliyense, monga 1, 3, 5 kwa uyu ndi 1, 4, 2 kwa uyo. Pa tebulo lililonse pakhalenso munthu mmodzi wosasuntha, wopanda manyazi kudula wolongolola, ngakhale akhale bwana wa kampani yaikulu.

Nyimbo zimitsani. Chakudya chikhale chogwira m'manja, samusa kapena mandazi, ndipo chituluke anthu atasinthana kale kawiri. Mbale ya mpunga ndi nkhuku imabwezera munthu pakona pa mnzake uja.

Tsiku nalo musankhe bwino. Pewani kuyandikira pa 14 ndi pa 25, pamene ambiri amathamanga ndi misonkho ya PAYE (wodula pa malipiro a antchito) ndi VAT ku MRA. Madzulo msewu wa Masauko Chipembere umadzaza, ndipo wa ku Bangwe kapena Machinjiri amathawa msanga kuopa kusowa minibasi, choncho m'mawa kuyambira 7:30 mpaka 9:30 ndi bwinoko. Lipiritsani kangachepe pasadakhale pa Airtel Money kapena Mpamba, poti wolipira sajomba chisawawa.

Pasanathe masiku awiri tumizani mndandanda wa mayina, malonda ndi manambala, koma a okhawo amene avomera polembetsa.

Funso: Ndilibe ndalama yolipira malo pa chionetsero cha zamalonda cha MCCCI (bungwe la amalonda ndi mafakitale m'Malawi) ku Chichiri. Ndingapinduleko kanthu? — Mayi wophika makeke, Chilomoni

Yankho: Kwambiri, mayi. Lowani ngati woonerera, pakati pa sabata m'mawa, pamene oonetsa malonda sanapanikizike. Sankhiranitu makampani 10, munyamule pepala la mitengo yanu lokhala ndi nambala ya foni. Woima pa malowo nthawi zambiri amakhala wotsatsa, si wogula, ndiye mufunse dzina la amene amaona zogula katundu, mumuimbire sabata yotsatira chionetsero chitatha.