Kodi kompyuta imajambula chithunzi, kapena imachipanga?

Mphunzitsi wina wa ku Kawale walemba kuti ophunzira ake anamuonetsa pafoni chithunzi cha mlatho wa pa mtsinje wa Lilongwe utamira m'madzi, koma pambuyo pake zinadziwika kuti chinapangidwa ndi AI, ndiko kuti pulogalamu ya pakompyuta yotsanzira nzeru za munthu. Akufunsa kuti: "Kodi tizinena kuti kompyuta yajambula? Nanga chithunzi chotere tichitche chabodza?"

Aphunzitsi, mneni woti "kujambula" tinamusenzetsa kale katundu wambiri. Makolo amene anasiya zithunzi pamiyala ya ku Chongoni, m'boma la Dedza, malo omwe bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2006, timati anajambula. Kamera itabwera tinabwerekanso mneni yemweyu, ndipo lero woimba akalowa mu situdiyo timati akujambula nyimbo. Vuto ndi lakuti kamera inatizoloweza kukhulupirira: munthu akamva kuti "anajambula ngoziyo", amaganiza kuti wina anaima pamalopo n'kuona ndi maso ake.

Taonani kuti mawu oti "chithunzi" ndi achibale a "mthunzi" ndi "chithunzithunzi". Chithunzithunzi chimakhala ndi mwini wake amene waima padzuwa, ndipo chithunzi cha kamera chili chimodzimodzi. Cha AI chilibe mwini wotero, pakuti makinawa amachiumba potengera zithunzi zankhaninkhani zimene anaphunzitsidwa nazo, ngakhale madzi ndi dzimbiri la pamlatho zitaoneka bwino chotani. N'chifukwa chake ine ndimakonda kuti tizinena kuti "chopangidwa ndi kompyuta", ndipo "kujambula" tikusiyire dzanja la munthu ndi kamera.

Pa funso lachiwiri, musafulumire kunena kuti "chabodza". Chichewa chili ndi mawu oti "chopeka". Nthano ya kalulu ndi yopeka, koma agogo akamaisimba madzulo sitinena kuti akunama, monganso wosema ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town sanamiza munthu ndi mvuu yake yamtengo. Bodza limayamba pamene wina watumiza chithunzicho pa WhatsApp n'kulemba kuti mlatho wamiradi.

Pomaliza, ophunzira anu asiyanitse "chenicheni" ndi "chooneka ngati chenicheni". Kamawu koti "ngati" asamakasiye polemba, chifukwa ndi kamene kakuuza wowerenga kuti mlathowo udakalipo ndipo maminibasi akuwolokabe.