Nsapato za Church's zogula pa kaunjika: zaka zake muziwerenge mkati

Bambo wina wa ku Zomba wanditumizira imelo sabata ino. Akuti anatola nsapato zakuda zachikopa pa kaunjika, zomanga ndi zingwe, zolembedwa Church's mkati, ndipo pansi pa dzinalo pali London, New York, Paris. Soli yake ndi yamphira yotha mbali imodzi. Funso lawo: kodi n'zenizeni, n'zaliti, nanga alole wosoka nsapato amatepo soli ya tayala monga wawauzira?

Bambo, mwatola chinthu. Koma soliyo isakusokonezeni. Nsapato zamtundu umenewu zinapangidwa kuti soli izisinthidwa, ndiye mphira mukuionayo mwina ndi yachiwiri kapena yachitatu, yoikidwa ndi mwini wake wakale. Nkhani yeniyeni ili mkati.

Yambani ndi mizinda itatuyo. Kampani ya Church's inayamba mu 1873 ku Northampton, ku England, ndipo inakhala m'manja mwa banja la Church mpaka 1999 pamene inagulidwa ndi kampani ya Prada ya ku Italy. Kuchokera apo dzina la Milan linawonjezedwa pa chidindo cha pachidendene, kenako Tokyo. Zanuzo zilibe Milan, choncho n'zanthawi ya banja lija, zapitirira zaka 25. Zikanakhala ndi London ndi New York basi, zikanakhala zakale kuposa pamenepo.

Kenako tengani tochi ya foni muwalitse m'mbali mwa chikopa chamkati, cha pakakolo. Mupeza manambala olembedwa pamanja ndi inki, mwina atafufutika ndi thukuta. Pamakhala saizi, chilembo cha kutambalala kwa phazi monga F kapena G, ndi nambala ya chikombole chimene anaumbirapo nsapatoyo. Mukaona 73, sangalalani. Ndicho chikombole chawo chakale chotchuka, ndipo zambiri zatsopano zimakhala ndi 173. Ine malemba apamanja amenewa amandigwira mtima. Munthu wina anakhala pa benchi ku fakitale, cholembera m'manja, n'kulemba zimenezo, lero zikuwerengedwa ku Zomba.

Tsopano msoko, poti apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Yang'anani pamene chikopa chapamwamba chikumana ndi soli. Pali kalamba kachikopa kozungulira nsapato, kamene amati welt. Kalambako amakasokerera ku chikopa chapamwamba ndi ku chopondapo chamkati, kenako soli amaisokera ku kalambako, osati ku nsapato yeniyeniyo. Kasokedwe kameneka kamatchedwa Goodyear, kutengera Charles Goodyear wamng'ono, amene makina ake anafala kuyambira m'ma 1870. Pakati pamatsala mpata umene amadzazamo cork (khungwa lofewa la mtengo wina), ndipo n'chifukwa chake nsapato zotere zimatenga maonekedwe a phazi la mwini wake.

Lowetsani dzanja mpaka kuzala mupapase chopondapo. Pa Goodyear simumva ulusi. Mukamva mzere wa ulusi wozungulira mkatimo, ndiye kuti soli anaisoka mobowoleza, kasokedwe ka Blake, kamene anthu a ku Italy amakakonda. Sikoipa ayi, koma madzi amalowa msanga m'dzinja. Palinso zachinyengo, kalamba kapulasitiki kokhala ndi ulusi wongokongoletsa, komatidwa ndi guluu. Kanikizani ndi chikhadabo: chikopa chimalola pang'ono n'kusiya chizindikiro, pulasitiki imaterera.

Kumbukiraninso kuti msoko wokha suuza chaka, chifukwa ku Northampton akusokabe chimodzimodzi mpaka lero. Umangothandiza kuona ngati dzina lili mkatilo silikunama.

Za soli ya tayala, ndikupemphani ndithu, musafulumire. Sindikunyoza osoka nsapato athu, ambiri ali ndi manja abwino kwambiri. Vuto limabwera akadula kalamba kaja ndi mpeni kuti mbali zisalale, kapena akabowola ndi chisongole kudutsa mpaka mkati. Zikatero kumavuta kuisokanso nsapatoyo mmene anaipangira. Khalani pomwepo pamene akugwira ntchito. Auzeni adule ulusi wogwira soli yokha, kalamba akasiye, ndipo soli yatsopano aisoke ndi ulusi wopaka phula podutsa m'mabowo akale omwewo. Tayala ndi lolemera kwa nsapato yotere, pezani mphira yopyapyala.

Musanapite nazo, pindani pang'ono pamene chikopa chimakwinyika poyenda. Ngati pali ming'alu yakuya, chikopacho chinauma kale m'belo. Ngati ndi makwinya chabe, pukutani ndi kansalu konyowa, ziume pamthunzi osati padzuwa, mupake mafuta a chikopa kawiri musanaike polishi. Mukatero munditumizire chithunzi cha manambala amkatiwo, ndikufuna kuona ngati ndi 73.