Ikamatentha pamzere, yambani ndi fani

Achimwene, mwati Corolla yanu ikaima pamzere pa mlatho wa Samora Machel ku Tete, kasingano koonetsa kutentha kwa injini kamakwera mpaka kufuna kugunda pofiira, koma mukangodutsa Moatize n'kuyamba kuthamanga kamatsikanso kokha. Ena pano akuti muchotse thermostat, kachipangizo kotseka ndi kutsekula njira ya madzi a injini. Musachotse ayi. Galimoto yanuyo yanena kale pomwe pakupweteka.

Ikamathamanga, mphepo imalowa yokha mu rediyeta. Ikaima, mphepo ija palibe, ndiye ntchito yonse imatsalira fani, ija anzathu a ku oficina amati ventoinha. Ndi dzuwa la ku Tete la mu Okutobala, loposa madigiri 40, fani ikangogona injini sichedwa kuwira.

Mawa m'mawa ilizeni ili chiimire, boneti ili yotsekula, muyatse AC. Pa magalimoto ambiri fani imadzuka pomwepo. Ikazungulira, mota yake ndi yamoyo, ndipo wokayikitsa ndi sensa yoyeza kutentha kwa madzi kapena mawaya ake. Zimitsani AC mudikire: madzi akafika cha m'ma madigiri 95 mpaka 100, fani iyenera kudzuka yokha. Ikakhala duu, tsekulani kabokosi ka mafyuzi pafupi ndi batire. Fyuzi ya fani yalembedwa pachivindikiro. Ngati yapsa ikani ya nambala yomweyo, osati kukulungapo kawaya monga amachitira ena, mudzawotcha galimoto. Ikapsanso, mwina mota ikukoka moto wambiri, yatha, kapena mawaya agundana penapake. Fyuzi ikakhala bwino, sinthanitsani relay ya fani, kaswitchi kamagetsi koyatsa faniyo, ndi ina yofanana nayo, monga ya hutala ngati miyendo ikugwirizana. Zikakanikabe, zulani pulagi ya fani mulumikize mawaya awiri kuchokera ku batire. Ikapanda kuzungulira ndi 12V yachindunji, kagulenitu ina. Zala zikhale kutali ndi mapiko, chifukwa imadzuka mosachenjeza.

Za thermostat zija. Kachipangizo kameneka kamatseka madzi mpaka injini itafunda, kenako kamatsekuka cha m'ma 82. Kakanakhala kouma chotsekeka, bwenzi galimoto ikutentha paliponse, ngakhale pothamanga. Mukakachotsa, fani ikhalabe yakufa, ndipo mukafika kwathu kuno ku Ulóngwè mu Juni injini izingoyenda yozizira, kumwa petulo ngati yabooka thanki.

Fani ikachira koma kasingano n'kumakwerabe pa zitunda za ku Zóbuè kapena polowera ku Angónia mutasenza katundu, pamenepo yang'anani rediyeta. Fumbi la malasha la ku Moatize ndi udzu zimamata timabowo take, makamaka pakati pa iyo ndi ya AC. Tsukani ndi madzi a paipi mofatsa, timapikoto ndi tosachedwa kupindika. M'kati namo, madzi a pamjigo amasiya mchere ndi dzimbiri. Thirani coolant, madzi amankhwala oziziritsa injini, ndi ndalama inde, koma gasiketi yomata mutu wa injini ikapsa ndiye imaliritsa. Chitsekerero cha rediyeta musachipeputse: labala wake akatha sichisunga mpweya, madzi amawira msanga n'kumatayikira m'kabotolo.

Ikakutentherani panjira, zimitsani AC, yatsani hita mpaka kumapeto ngakhale thukuta lichite kamukamu, imani pambali muzimitse injini. Chitsekerero musachikhudze isanazizire. Ine ndinapupuluma tsiku lina nditanyamula mbatata ya kachewere kupita ku Tete, chipsera chili padzanja mpaka lero. Madzi ozizira musawathirenso mu injini yotentha, mutu wake umapindika.

Mundiuze chimodzi musanagule chilichonse. Injini ili yozizira, tsekulani chitsekerero cha rediyeta muilize: kodi madzi akutulutsa thovu mosalekeza? Onaninso pansi pa chitsekerero cha oyilo ngati pali zoyera ngati tiyi wamkaka. Zikakhalapo, mwina gasiketi yapsa kale ndi kutentha kuja, musayendenso nayo mpaka amakaniko aione.