Kukondera posankha masewero a nthabwala pa wailesi yakanema

Mwafunsa ngati akuluakulu a wailesi zakanema ku Britain amakonderadi anzawo posankha masewero a nthabwala. Dandauloli lili ndi maziko. Gulu la ophunzira ochita masewero a nthabwala la Footlights la ku yunivesite ya Cambridge, lomwe linapambana mphotho ya akatswiri a nthabwala ya Perrier mumzinda wa Edinburgh mu 1981, linatulutsa akatswiri ngati Stephen Fry ndi Hugh Laurie, ndipo ambiri amati khomo lolowera pa wailesi yakanema silitsegukira aliyense ngati mmene limatsegukira anthu a m'magulu otere. Kwa ine, gwero la kukonderaku ndi mantha osati chiwembu, chifukwa nthabwala ikapanda kuseketsa palibe pobisala, choncho wosankha amathamangira dzina lodziwika kale. Lamulo la 1990 linakakamiza BBC kugula magawo 25 pa 100 alionse a mapologalamu kumakampani oima paokha, koma makampaniwo nawonso amakonda kulemba anthu owadziwa.