Chikopa chokulungira chogwirira cha mpeni wachitsulo

Achimwene, funso lanu ndaliona m'mawa koma ndinati ndiyankhe nditakhala pansi, chifukwa si nkhani ya mawu awiri. Mwati muli ndi mpeni wosulidwa ndi chitsulo chokhachokha mpaka kogwira, umaterera dzanja likachita thukuta ndipo umakutulutsani matuza. Mwatinso muli ndi jekete yachikopa yakale ndi lamba wokhuthala, ndiye mukufuna kudziwa kuti mudule chiti. Jeketeyo isiyeni. Lambayo mwina, koma muyambe mwamuyesa kaye.

Chimene chimapusitsa anthu ambiri ndi kufewa. Munthu akagwira chikopa chofewa ngati nsalu amati ichi ndiye chabwino m'dzanja. Pa mpeni si choncho. Chofunika kudziwa ndi mmene chikopacho chinafufutidwira, ndipo njira zikuluzikulu zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi ya makungwa a mitengo, imene ogulitsa amaitcha veg tan. Chikopa amachiviika m'madzi a makungwa monga a oak, a mimosa, kapena a mtengo wa quebracho wa ku South America, kwa masabata angapo, nthawi zina miyezi. Chimatuluka chouma gwa, cha mtundu wotuwa mofiirira, ndipo chikanyowa chimamvera dzanja: mukachipinda n'kuchisiya kuti chiume, chimakhala momwemo. Yachiwiri ndi ya mankhwala a chrome, imene inayamba kufala Augustus Schultz atalembetsa njira yake ku America mu 1884. Iyi ndi yachangu, tsiku limodzi kapena awiri ntchito yatha, n'chifukwa chake zikopa zambiri padziko lapansi masiku ano ndi za mtundu umenewu. Jekete, zikwama zambiri, mipando ya sofa, kumtunda kwa nsapato, pafupifupi zonsezi ndi chrome.

Chikopa cha chrome chili ndi ntchito yake, koma pa chogwirira chimavuta. Chimatamuka kwambiri. Lero mukulunga zolimba, pakatha mwezi mukumva chikuyenda m'dzanja pamene mukudula chinthu, ndipo mpeni woyenda m'dzanja ndi umene umacheka mwini wake. Sichiumbika ndi madzi, m'mphepete mwake simusalala ngakhale mukhule bwanji, ndipo china chimakhala ndi timchere totsalira ku mankhwala aja, timene tikakumana ndi chinyezi timadya chitsulo. Opanga mipeni ambiri sachifuna pafupi ndi mpeni wawo pa chifukwa chimenechi.

Ndikunena izi chifukwa zinandichitikira. Mpeni wanga woyamba kukulunga ndinadula dzanja la jekete yakuda. Unkaoneka bwino kwambiri tsiku limenelo. Patapita miyezi ingapo ndinaona kuti cha kumapeto kwa chogwirira kwatupa pang'ono. Nditang'amba ndi lumo ndinapeza dzimbiri lofiira litamatirira kunsi kwa chikopa ngati phala louma, ndipo nditapala, chitsulo chinali ndi timaenje tating'onoting'ono ngati taboola ndi singano. Dzimbiri lapamwamba limachoka, koma timaenjeto sitibwerera. Mpeniwo ndikadali nawo ndipo ndimatimva ndi chala mpaka lero.

Tsono lamba wanuyo mumuyese chonchi. Dulani kachidutswa kumapeto muone pakati pake. Mukaona mzere wotuwa mobiriwira ngati mtambo wa mvula, ndi chrome. Mukaona kuti ndi wofiirira kuchokera pamwamba mpaka pansi, mwina ndi wa makungwa. Dontheziranipo madzi kumbali yopanda utoto: wa makungwa amamwa msanga n'kuda, ndipo mukakanda ndi chikhadabo chizindikiro chimatsala. Ngati mukukayikabe, tenthani kachidutswako panja. Chrome amasiya phulusa lobiriwira, wa makungwa amasanduka khala lakuda. Malamba enanso si chikopa chenicheni ayi, ndi zinyenyeswa za chikopa zomatidwa ndi guluu n'kuzikuta ndi pulasitiki. Mukawapinda kwambiri amang'aluka pamwamba ndipo mkati mumaoneka ngati katoni. Ameneyo musataye naye nthawi.

Ngakhale lambayo atakhala wa makungwa, vuto lina ndi kukhuthala. Lamba amakhala mamilimita 3 kapena 4. Mukazunguliza chimenecho pa kachitsulo kopyapyala, chimakana kupinda m'makona, chimasiya mpata mkati, ndipo mpata umenewo ndiwo nyumba ya madzi. Chokulungira chabwino ndi cha pakati pa 0.8 ndi 1.2 mm, mwina kufika 1.5 ngati dzanja lanu ndi lalikulu. Ogulitsa ena amalemba ma ounce: ounce imodzi ndi pafupifupi 0.4 mm, ndiye mufunse cha ma ounce 2 mpaka 3. Cha ma ounce 8 kapena 9 chija ndi chosokera chimake cha mpeni, osati chogwirira.

Ngati chitsulo chanu ndi chopyapyala kwambiri moti chikopa chimodzi sichingadzaze dzanja, lamba uja ali ndi ntchito pamenepo. Dulani zidutswa ziwiri zofanana ndi chogwirira, mumate china uku china uku, muzisende m'mbali kuti zikhale zobulungira, kenako mukulunge chopyapyala chija pamwamba. Dzanja limagwira bwino chinthu chokhala ngati dzira kusiyana ndi chafulati, ndipo matuza aja amabwera chifukwa cha makona a chitsulo.

Za nyama yake, ine ndimakonda chikopa cha mbuzi. Mwachibadwa ndi chopyapyala koma sichiduka wamba, ndipo pamwamba pake pali timabampu tating'ono timene timagwira khungu la dzanja. Cha mwana wa ng'ombe nachonso chili bwino. Cha kangaroo ndiye cholimba koposa poyerekeza ndi kupyapyala kwake, n'chifukwa chake ku Australia amalukira zikwapu, ndipo mukachipeza chodulidwa kale ngati zingwe, tengani. Cha nkhosa ndi chofooka, chimasupuka. Ngati mukudula pa chikopa chachikulu cha ng'ombe, dulani cha kumsana kapena cha m'mapewa. Cha kumimba chimaoneka chokongola koma ndi cholobodoka, chimatamuka mosagwirizana. Suede, chikopa chija chofewa chokhala ngati chaubweya pamwamba, anthu amaikonda chifukwa siterera, koma imamwa thukuta, mafuta ndi litsiro lililonse, ndipo pakapita nthawi imanunkha n'kuyamba kunyezimira mwauve.

Wina mu gulu lino akuuzani za chikopa chosafufuta, chongoumitsa. N'zoona kuti mukachikulunga chili chonyowa chimauma n'kugwira ngati fupa. Koma chikadzanyowanso chimafewa n'kuyamba kuterera, choncho chimafuna kuchipaka vanishi bwinobwino, ndipo pamenepo kukoma kwa chikopa m'dzanja kwatha.

Apa ndiye ndikupemphani mumvetsere, chifukwa anthu akamva kuti veg tan ndi yabwino amaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Chikopa cha makungwa nachonso chikanyowa n'kukhudza chitsulo chosatetezedwa chimachita mawanga akuda bii, chifukwa mankhwala a m'makungwa aja akakumana ndi chitsulo amapanga utoto wakuda, womwe uja ankapangira inki kalekale. Ndipo chikopa chilichonse chimasunga chinyezi. Ngati mpeni wanu ndi wa carbon steel, chitsulo chija chosachedwa kuchita dzimbiri, dzimbiri libwera ndithu. Stainless imapirira koma nayonso imachita timaenje ikakhala ndi thukuta lamchere nthawi yaitali. Pakakhala mkuwa, mudzaona zobiriwira zikutuluka m'mphepete. Choncho chitsulo chisakhudzane ndi chikopa mwachindunji.

Ine ndimatero: ndimayamba ndakulunga mbali yakuthwa ndi katoni ndi tepi kuti ndisadzicheke. Ndimakhula chogwirira ndi sandipepa wokhakhala, wa nambala 80 kapena 120, kuti guluu apeze pogwira, ndimapukuta ndi acetone kapena sipiriti mpaka nsalu izituluka yoyera, kenako ndimapaka guluu wolimba wa epoxy mopyapyala paliponse, osasiya ndi kadontho komwe, n'kumusiya aume. Ameneyo ndiye mpanda wa pakati pa chitsulo ndi madzi. Akauma ndimamukhulanso pang'ono, ndiye pamabwera chikopa.

Kukulunga kwake kuli pawiri. Mutha kudula kalamba kakatali n'kumazunguliza mopendekera, kapena kudula chidutswa chimodzi n'kusoka msoko umodzi. Kalamba ndiye kosavuta kwa woyamba kumene. Tinene kuti chogwirira chanu ndi chotalika masentimita 11 ndipo kuzungulira kwake ndi masentimita 7. Mukadula kalamba ka sentimita imodzi ndi theka m'lifupi, n'kumasanjikiza theka la sentimita pa kuzungulira kulikonse, muzungulira ka 11, ndiye masentimita 77. Dulani mita yathunthu kuti mukhale ndi pokokera. M'mbali mwa kalambako musendemo ndi lumo kumbali yamkati kuti mupyapyale ngati pepala, apo ayi pamene pasanjikizana padzakhala mizere yotukuka yopweteka dzanja. Kusendako ndi ntchito yotopetsa, imatenga nthawi kuposa kukulunga kwenikweniko, koma ndi imene imasiyanitsa chogwirira chabwino ndi chongomangamanga.

Chikopacho muchinyowetse pang'ono chabe, chizizire m'dzanja koma chisamadonthe. Muchikulunge kaye popanda guluu, mochikoka ndithu, mumange ndi chingwe n'kuchisiya usiku wonse. M'mawa chidzakhala chitatenga maonekedwe a chogwirira. Pamenepo muchimasule, mupake guluu wa nsapato uja wa contact mbali zonse ziwiri, mudikire mpaka asiye kumata chala, ndiye mukulungenso motsatira mmene chinaumira. Guluu ameneyu sakhululuka, chikakhudza chakhudza, ndiye pitani pang'onopang'ono. Kumapeto konse kuwiri mumange ndi ulusi wopaka phula, maulendo 8 kapena 10, chifukwa chikopa chimayambira kumapeto kusupuka.

Mwina munaonapo mipeni ya Ka-Bar imene asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1942, ya chogwirira cha timawilo tachikopa tosanjikizana. Njira imeneyo ndi yolimba zedi ndipo imafuna chikopa chokhuthala ngati lamba wanu, koma imatheka pa mpeni umene chitsulo chake cha kogwira ndi chowonda ngati msomali wautali. Pa wanu wa chitsulo chotambalala siingatheke pokhapokha mutachepetsa chitsulocho, ndipo sindingakulimbikitseni kutero.

Pomaliza pakani phula la njuchi. Mulitenthetse pang'ono kuti lilowe, mukhule ndi nsalu mpaka chogwirira chitenthe m'dzanja. Mafuta musachulutse. Anthu amathira mafuta ambiri poganiza kuti akuchisamala, koma amafewetsa chikopa, amamasula guluu, ndipo kuterera kuja kumabwereranso. Mafuta a galimoto ndiye asayandikire n'komwe.

Chinthu chimodzi simunanene: mpeniwo ndi wa ntchito yanji? Ngati ndi wa kukhitchini, wotsukidwa ndi sopo tsiku lililonse, chikopa chilichonse chidzakukhumudwitsani, ndipo kuli bwino muikepo matabwa awiri olimba kapena mukulunge chingwe cha nayiloni. Ngati ndi wosemera kapena wa ntchito zapanja, pitirizani ndi chikopa. Ukanyowa muziupukuta n'kuusiya pamthunzi pamene pakupita mphepo, osati pafupi ndi moto, chifukwa chikopa cha makungwa chikapsa ndi kutentha chimakwinyika n'kusweka. Mutumize chithunzi cha chogwiriracho ndi cha pakati pa lamba mutamudula, tione ngati angagwire ntchito ya mkati ija.