Galimoto yamagetsi yakweza bilu: mita yachiwiri ingathandize?

Funso: Ndinagula galimoto yamagetsi yoperekera katundu kwa makasitomala, ndipo ndimaitchajira kunyumba. Chiigulireni, bilu ya magetsi yakwera kwambiri. Mnzanga akuti ndiikitse mita yachiwiri ya galimoto yokha. Ndimumvere?

Yankho: Musanaitane aliyense, yambani mwawerengera. Galimoto zambiri zamtunduwu zimadya mayunitsi 15 mpaka 20 pa makilomita 100. Tiyerekeze kuti yanu imadya 18 ndipo mumayenda makilomita 2,000 pamwezi: ndiye mayunitsi 360. Onjezanipo 10 pa 100 alionse, chifukwa magetsi ena salowa m'batire, amathera m'kutentha kwa tchaja ndi mawaya, koma mita imawawerenga ndithu. Mwatsala pang'ono kufika pa 400. Ngati bilu yakwera ndi mayunitsi ochuluka chonchi, mita yanu ilibe vuto.

Kenako funsani kampani ya magetsi mmene imalipiritsira. Makampani ena amaika mtengo m'magawo: mayunitsi oyamba pamwezi ndi otsika mtengo, mukapyola malire yunitsi iliyonse imadula. Ngati kwanuko zili choncho, mwina nyumba yanu kale inkathera m'gawo lotsika. Lero galimoto yakukankhirani m'gawo lodula, moti mayunitsi ake ambiri mukuwagula pamtengo wapamwamba. Apa mpamene mita yachiwiri ingapindule, koma pokhapokha ndalama zopulumukazo zikuposa zoikitsira mitayo ndi zolipira mwezi ndi mwezi, zomwe makampani ambiri amatenga kaya mwatchaja kaya ayi. Anthu amaiwala zimenezi, mwina mnzanuyonso.

Makampani ena amatsitsa mtengo usiku, anthu akagona. Ku Britain, kampani ya magetsi ya Octopus Energy ili ndi mtengo wotere wotchedwa Octopus Go, wa eni galimoto zamagetsi. Umafuna mita yamakono yolemba nthawi imene magetsi agwiritsidwa ntchito. Ngati kwanuko uliko, ineyo ndingasankhe umenewu, osati mita yachiwiri. Chenjerani pawiri: mtengo wa masana umatha kukwererapo, ndipo maola otchipawo ndi ochepa. Soketi wamba imapereka mayunitsi oposa 2 pang'ono pa ola, choncho ngati galimoto ikufuna mayunitsi 16 pa tsiku, pamafunika maola 7. Tchaja ya pakhoma ya 7 kW, yomwe imapereka mayunitsi 7 pa ola, imamaliza m'maola osakwana 3.

Koma poti galimotoyi ndi ya bizinesi, chimene mukusowa kwenikweni ndi kudziwa mayunitsi ake padera. Wodziwa zamagetsi wovomerezeka akhoza kukuikirani kamita kakang'ono pa waya wopita kutchaja, ndipo matchaja ambiri a pakhoma amalemba okha mayunitsi n'kuwaonetsa pafoni. Kumapeto kwa mwezi bizinesi ibweze ndalama za mayunitsiwo kuthumba la pakhomo, ndipo mulembe m'buku. Popanda kutero, banja ndi limene likulipira mayendedwe a katundu wa makasitomala anu, ndipo phindu limene mukuona m'bukumo ndi lonama. Gawani ndalamazo ndi makilomita amene mwayenda, mudziwe mtengo wa kilomita imodzi musanauze kasitomala mtengo woperekera katundu.