Funsani Tikuyankheni: Limbe adakula bwanji?

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ine ndimagulitsa zitenje ku Bangwe ndipo katundu ndimakapikula ku Limbe. Mwana wanga wa Fomu 2 adandifunsa kuti bwanji mzinda umodzi uli ndi matauni awiri, Blantyre ndi Limbe, nanga bwanji mashopu opikulitsa adadzazana ku Limbe osati ku Victoria Avenue. Ndidangoti kakasi. Ndithandizeni.
Mayi wa ku Bangwe

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo ali ndi maso. Kamuuzeni kuti poyamba adalidi matauni awiri, lililonse ndi khonsolo yake, mpaka mu 1956 pamene adawaphatikiza. Blantyre adayamba ndi amishoni a ku Scotland amene adafika mu 1876, kenako amalonda a Mandala. Limbe adabadwa ndi njanji ndi fodya.

Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, idafika kumtunda kuno mu 1908, ndipo eni ake adaika likulu lawo ndi mokonzera sitima ku Limbe. Nthawi yomweyo kampani ya Imperial Tobacco idamanga fakitale yake pafupi ndi njanjiyo. Pofika 1938 okushoni ya fodya idatsegulidwa konko. Ndiye taonani: sitima ili pomwepo, wogula fodya ali pomwepo, mlimi apitenso kuti?

Apa ndilankhule zimene ndidaona ndekha. Ndidakulira ku Chiwembe, ndipo nyengo yogulitsa fodya ikafika sitinkachita kuuzidwa, mphuno ndiyo inkatiuza. Malole odzaza mabelo ankandanda mumsewu, alimi atagona pansi pa malolewo podikira kuti fodya wawo alowe, amayi akuwaphikira nsima m'mbali mwa mpanda. Tsiku lolandira ndalama mlimi sankafika n'komwe ku Blantyre. Ankangotsetserekera kwa amwenye, n'kutuluka akukankha njinga yatsopano, pakaliyala atamangirira bulangete, wailesi ndi nsalu ya mayi a kunyumba, malata atatsogola kale pa lole. Ndalama ya fodya sinkagona m'thumba. Amalume anga ena, Mulungu awause, chaka china adabwerera kumudzi ndi nsapato zokha, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Za mashopu opikulitsa zili pawiri. Amalonda ochokera ku India adakhazikika ku Limbe kuyambira kale chifukwa katundu wawo ankatsikira pa siteshoni. Kenako m'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu lidawalamula kuti achoke m'matauni ang'onoang'ono a kumidzi n'kumachitira malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Ambiri a m'chigawo cha kummwera adathamangira ku Limbe, ndipo amene adatsala ndi magolosale kumidziko adayamba kudzapikula kwa iwo omwewo. China ndi misewu. Wochokera ku Zomba, ku Chiradzulu, ku Thyolo kapena ku Mulanje, kaya adzera Midima, amayamba waponda Limbe asanaone Blantyre. Munthu wosenza chimtolo cha katundu safuna kukweranso minibasi yachiwiri.

Lero fodya wambiri adatsata likulu ku Lilongwe, akugulitsidwira ku Kanengo, ndipo sitima sizikokanso anthu ngati kale. Likulu la Illovo likadali ku Limbe, komabe ine ndimati chimene chikuyendetsa tauniyi tsopano ndi inuyo, mayi, ndi anzanu a kaunjika, a zipangizo zomangira ndi a mafoni. Chondidandaulitsa n'chakuti misewu ndi yomwe ija ya nthawi ya atsamunda, yopapatiza, koma mukudutsa maminibasi, makabaza, mawilibala ndi malole otsitsa katundu nthawi imodzi. Mvula ikagwa ndiye musanene.

Loweruka mukamakapikula mumtenge mwanayo. Mukamuonetse siteshoni ndi hotela ya Shire Highlands ili pafupi nayo, kenako muyende naye wapansi mpaka ku mashopu, awerenge yekha mphindi zake.